Kanyama Kanga pa Galasi

Tembisa, 16 Epulo 2023

Okondedwa amake Nelsa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana athu, Nelsa ndi Isac, ndi onse a pakhomo ku Mongue. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Foni ija imafuna mukwere pachulu cha kuseri kwa kapela, ndipo mukakwera pamenepo theka la mudzi limamva zimene mwamuna wanu akunena. Tsiku lija ndinakufunsani za mbuzi, amene anayankha ndi amalume anu a Vasco. Ndiye ndagula mapepala. Chichewa chimene tinaphunzira limodzi kusukulu ya kukampu ya othawa nkhondo ku Muloza sichinathawe m'mutu, zala zokha ndizo zauma ndi simenti. A Zeca, aja amayendetsa basi ya katundu kuchokera kuno mpaka ku malire a Milange, avomera kumatinyamulira makalata.

Zithunzi za nyumba ndaziona. Khoma la kumadzulo limene mphepo ya Freddy inagwetsa musalimangenso ndi zidina. Mvula ikatheratu, muumbe njerwa ndipo muwotche. Malata amene anapulumuka muwasunge kwa amayi anu. Opindikawo musataye, ndidzawongola ndekha ndikabwera pa Khrisimasi.

Chimanga chochepa chimene madzi anatisiyira musagulitse, ngakhale ogula a ku Malawi abwere ndi mawu okoma bwanji. Chaka chino amene agulitse mu Meyi adzagula chomwecho mu Januwale akulira. Nandolo ndiye tidzagulitse akauma.

Ntchito ikuyenda. Tikuika matailosi m'nyumba zosanjikizana ku Midrand. Bwana amandikonda chifukwa sindisiya mphako pansi pa tailosi, koma mawondo ndi amene akulipira chikondi chimenecho. Zinthu zakwera kuno, mafuta ophikira ndiye osanena, magetsi nawo amazima tsiku ndi tsiku ngati tili kumudzi. Ndatumiza kangachepe, sopo, ndi nsapato za Nelsa za kusekundariya. Ngati zakula aikemo pepala, phazi limakula.

Lamba wanga ndabowolanso bowo lina. Pascoal, mnzanga wa ku Molumbo amene timagona chipinda chimodzi, akuti Joni yayamba kundidya. Ine ndikuona ngati ndi zakudya za m'njira, chifukwa m'mimba simukukhazikika masiku ano. Si nkhani.

Moni kwa amayi ndi kwa onse ofunsa.

Ine mwamuna wanu,
Eusébio


Tembisa, 4 Juni 2023

Okondedwa amake Nelsa,

Moni wa m'nyengo yozizira. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Isac chatha. Ine ndiliko, kungoti kuzizira kwa kuno chaka chino kukundilowa mpaka m'mafupa.

Za Nelsa zoti akufuna kumapita Loweruka kukathandiza azakhali ake kugulitsa zitenje kumsika wa feira ku Milange, sindikukana. Koma Lolemba limupeze m'kalasi. Ndaona atsikana ambiri amene anayamba ndi Loweruka lokha.

Njerwa musaumbire pafupi ndi chitsime. Dothi la kumtunda kwa mango lija ndilo labwino, siling'aluka.

Mwandifunsa za m'mimba, ndiye ndiyankhe pang'ono. Mlungu watha ndikunyamula bokosi la matailosi pamasitepe, ndinaona mdima m'maso, n'kukhala pansi. Bwana anandipatsa tsiku kuti ndipite kukiliniki. Nesi anandikoka chikope, n'kuyang'ananso m'manja mwanga, n'kunena kuti magazi achepa. Kenaka anandifunsa kuti, "Bambo, magazi anuwo akupita kuti?"

Ndinamuuza zimene ndakhala ndikuona kuchimbudzi kuyambira Khrisimasi ija ndinali kwathu. Inu sindinakuuzeni chifukwa ndinkayesa ndi nthenda ya mudzi, ndipo mudzi si matenda ouza mkazi.

Anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi, n'kundilembera kuti ndipite kuchipatala chachikulu m'tauni. Akuti kumeneko ali ndi kachubu kokhala ndi diso kumapeto, kamene amaonera m'kati mwa munthu. Mmene kamalowera sindilemba. Pascoal wandiseka mpaka misozi, koma walonjeza kundiperekeza.

Musade nkhawa. Kudya ndikudya, ntchito ndikugwira. Amayi anu musawauze, mukudziwa mmene amachitira akamva mawu oti chipatala. Mwezi uno ndatumiza zochepa chifukwa cha masiku amene ndinajomba. Mugule kaye nkhuni zowotchera njerwa, zinazo zidikire.

Mundipempherere monga mumachitira.

Ine wanu,
Eusébio


Tembisa, 13 Ogasiti 2023

Okondedwa amake Nelsa,

Ndikupatsani moni, mtima uli m'malo. Ndikhulupirira inu ndi ana muli bwino.

Pepani kuti a Zeca anafika kawiri konse opanda kalata yanga, foninso ili chete. Ndinagonekedwa m'chipatala. Anapeza chotupa m'matumbo, ndiye anachita opaleshoni n'kuchichotsa. Tsopano ndatuluka. Ndikuyenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba, Pascoal ndiye akundiphikira phala.

M'chipatala muja chimene chinandivuta kuposa bala ndi chilankhulo. Chingerezi changa ndi cha pa ntchito: bweretsa, dula, fulumira. Madokotala akaima pabedi panga ankalankhula mothamanga, ine n'kumangovomera ndi mutu ngati mbuzi pamsika. Tsiku lina opaleshoni isanachitike kunabwera mtsikana wovala chovala choyera, n'kuwerenga dzina langa, n'kundiyang'ana, n'kundipatsa moni m'Chipwitikizi. Nditayankha anandifunsa kwathu. Nditati Milange, anaseka n'kundilonjeranso m'Chilomwe. Amake Nelsa, misozi inangotuluka yokha, anthu akuona.

Dzina lake ndi Kátia, kwawo ndi ku Mocuba. Ndinkamuitana kuti dotora, koma iye akuti si dokotala wochiza anthu. Akuphunzira payunivesite ya kuno, ndipo ntchito yake ndi kufufuza zinthu zimene madokotala adula. Iyeyo ndiye anandimasulira zonse zimene ankanena za ine, zabwino ndi zinazo. Tsiku lotuluka Pascoal anali kuntchito, ndiye anandigwira mkono mpaka pokwerera matakisi.

Ntchito ya ku Midrand yapita. Bwana sanandikalipire, anangoti nyumba sizidikira munthu. Pascoal akuti ndikalimba ndizikamuthandiza kuyeza ndi kudula matailosi nditakhala pampando.

Ulendo uno palibe chimene ndatumiza. Nandolo akauma mugulitse theka, koma muyambe mwafunsa mitengo mbali zonse ziwiri za malire. Mmisiri wa khoma mumuuze adikire. Njerwa muziphimbe bwino.

Pali mankhwala ena amene akuti ndiyambe bala likapola. Za amenewo ndidzalemba ndikawaona.

Ine mwamuna wanu,
Eusébio


Tembisa, 24 Seputembala 2023

Amake Nelsa,

Moni. Sindikudziwa ngati muli bwino, chifukwa a Zeca afika opanda kalata yanu. Abwera ndi mawu a pakamwa okha, ndipo anawanena akuyang'ana pansi. Akuti Euclides, wa kwathu uja amagulitsa zipatso pageti la chipatala, anaimba foni kumudzi kuti anandiona nditakolowekana mikono ndi mkazi. Akuti inu mwati n'chifukwa chake ndalama zasiya kubwera. Akutinso amalume a Vasco akufuna kuitana ankhoswe.

Ndinakwiya tsiku lonse. Kenaka ndinawerenganso m'mutu makalata anga, ndipo ndinaona kuti munthu wopatsidwa theka la nkhani amadzipezera yekha theka linalo. Ndiye imvani.

Chotupa chija ndi khansa. Khansa ya m'matumbo, kumunsi kwenikweni. Mawu amenewa ndinawadziwa mu Julaye, koma dzanja linkakana kuwalemba.

Mkazi amene Euclides anaona ndi Kátia yemwe uja ndinakuuzani. Msinkhu wake akhoza kukhala mng'ono wanu wotsiriza. Chimene anadzera pabedi panga poyamba ndi ichi: anandipempha kuti madokotala akadula chotupacho, kachidutswa kena akasunge kuti akafufuze. Anati ndili ndi ufulu wokana, ndipo ndikakana adzandichiza chimodzimodzi.

Ine ndinati, "Mukufunamo chiyani m'chinthu chowola?"

Iye anakoka mpando n'kukhala, n'kunditchula tio ngati amalume ake. "Tio Eusébio, m'kati mwa matumbo mwayalidwa tinthu tamoyo tating'onoting'ono, timati maselo. Amakhala ogundana, omatana mbali ndi mbali. Guluu wowamata amadzipangira okha, dzina lake kaderina."

Ndinati, "Ngati matailosi ndi simenti yake."

"Pang'ono," anatero. "Koma tailosi likamatuka limakhala pomwepo kudikira mmisiri. Selo la khansa likamatuka limayenda. Limalowa m'magazi n'kukamera kwina, kawirikawiri kuchiwindi. Chotupa chokhala malo amodzi dokotala amachidula. Chimene chimapha anthu ambiri ndi choyendacho."

Ndinamufunsa chimene chimathetsa guluuyo. Anandifotokozera kawiri, chifukwa koyamba sindinamve. M'selo lililonse muli chinthu china chimene ntchito yake ndi kuletsa kuti guluu asapangidwe. Si choipa nthawi zonse: munthu akavulala, maselo amayenera kumasuka pang'ono kuti asunthe akatseke bala. Koma masiku ena onse chinthucho chimayenera kukhala chomangidwa. Timene timachimanga ndi tizidutswa tating'ono kuposa selo lenilenilo, totchedwa microRNA. Dzinali anandilembera padzanja kuti ndisaiwale. Tikakhala tokwanira, guluu amapangidwa, maselo amagwirana. Tikachepa, choletsa chija chimamasuka, guluu amatha, maselo amatayana. Akuti palinso mitundu ina ya tomweto imene ikachuluka imathandiza khansa kuyenda. Iye amatiwerenga m'zotupa za anthu, kuti mwina tsiku lina dokotala azidzadziwa msanga kuti chotupa ichi n'chokhala, ichi n'choyenda. Akuti zambiri zimene zikudziwika anazipeza m'matupi a anthu a maiko akutali, za ife akuda a kuno n'zochepa.

Ndinavomera. Ndiwo ubale wanga ndi mtsikanayo.

Mankhwala ndayamba. Amalowa ndi diripi, ndipo ndikachokako pakamwa pamamveka ngati ndatafuna msomali. Zala zimachita dzanzi ndikakhudza madzi ozizira.

Ngati mukufunabe ankhoswe, aitaneni, koma muyambe mwawawerengera kalatayi. Ana musawauze kaye.

Ine mwamuna wanu, panobe,
Eusébio


Tembisa, 5 Novembala 2023

Okondedwa amake Nelsa,

Moni kwa inu ndi ana. Ine ndiliko, masiku ena bwino, masiku ena pabedi. Kalata yanu yafika. Ndi yaifupi, koma ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda.

Mwalemba kuti, "Ndakhulupirira, ndipo ndalira. Koma nyama yanu mwaiperekeranji kwa anthu osawadziwa?" Mwatinso amalume akuti ku Joni amagulitsa ziwalo za anthu, ndipo akufunsa kuti anandipatsa zingati.

Auzeni kuti sanandipatse kanthu, ndipo sindinapemphe. Koma funso lanu linandisowetsa mtendere, ndiye ndinapita kwa Kátia n'kumuuza kuti mkazi wanga akufunsa kumene kuli nyama yanga. Sanaseke. Anapempha chilolezo kwa akuluakulu ake, ndipo Lachinayi lapitali ananditengera kumene amagwira ntchito.

Ndi chipinda chozizira, chaukhondo kuposa guwa la kutchalitchi. Kanyama kanga anakadula kopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kukamata pa kagalasi konga chala. Anakapaka mankhwala oti paliponse pali guluu uja paoneke mtundu wa khofi. Kenaka anakaika pa makina okuza zinthu, n'kundiuza kuti ndiyang'ane.

Poyamba sindinaone kanthu, nsidze zanga zokha. Atapotokola pang'ono, zinaonekera. Mbali ina, imene akuti inali yabwino, selo lililonse linali lozunguliridwa ndi mzere wake, zonse zolumikizana ngati zisa za njuchi. Ndinadabwa kuti m'mimba mwa munthu ngati ine muli ntchito yooneka bwino chotere. Kenaka anasuntha galasi kupita kumphepete kwa chotupa. Kumeneko mizere inali yofufutika, pena palibiretu. Maselo ena anali paokhapaokha, otalika, ngati anthu amene atembenuka kale kuti azipita.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye kuti anga anapita?"

Anati, "Galasi ili silingandiuze zimenezo, tio. Likungoonetsa kuti ena anamasuka. Ngati anafika kwina, adzaona ndi madokotala anu pojambula mankhwala akatha."

"Nanga zimene mukuwerengazi zindithandiza ine?"

"Ayi. Ndinakuuzani tsiku loyamba, ndipo sindisintha kuti ndikusangalatseni. Ntchito iyi ndi ya zaka. Mwina idzathandiza ana a Nelsa."

Ndinamukonda chifukwa cha yankho limenelo. Ndipo apa ndiyankhe funso lanu. Mukukumbukira mmene atate anga anafera kukampu, mimba itatupa, akutaya magazi, asanakwane n'zaka makumi asanu zomwe. Ena anati ndi madzi a mumtsinje, ena anati anawalodza. Tinawaika m'manda ndi yankho lawo m'mimba. Ine sindikufuna kupita nalo langa. Ngati chinthuchi chandidya, nachonso chisiye kanthu.

Nditawauza madokotala za atate, anayang'anana. Akuti matendawa nthawi zina amayenda m'magazi a banja. Akuti Nelsa ndi Isac adzayenera kuyezedwa akadali achinyamata, osadikira kudwala. Mlongo wanga Inocência ku Molumbo mumutumizire mawu kuti akaona magazi kapena kusintha kwa m'mimba asathamangire mizu, apite kuchipatala.

Mvula ili pafupi. Khoma likhale, mufolere kaye mbali imene mukugonayo. Mbewu ya chimanga mugule ku Milange, ya chaka chatha inanyowa.

Mwati ndibwere kwathu. Pali chinthu china chimene sindinalembe. Ndipatseni nthawi.

Ine wanu,
Eusébio


Tembisa, 17 Disembala 2023

Okondedwa amake Nelsa,

Moni wa Khrisimasi kwa inu, kwa ana ndi kwa amayi. Ndamva kuti mwadzala ndipo chamera bwino. Ine mankhwala atsala pang'ono kutha, tsitsi silinathothoke, thupi lokha ndilo latha.

Sindibwera. A Zeca anandisungira malo m'basi, koma ndawauza apatse wina. Ana muwauze kuti ndi chifukwa cha mankhwala, ndipo si bodza. Koma inu ndikuuzani chifukwa chinacho. Kalatayi muwerengere panokha.

Pochotsa chotupa chija anachotsanso njira ya kuchimbudzi. Thumbo analitulutsira pamimba, kumanzere, kumunsi kwa mchombo. Pamenepo pamamatidwa thumba lapulasitiki, ndipo zonse zimene munthu amakachita kuseri zimagwera m'menemo, nthawi imene zafuna, ine osadziwa. Ndinafunsa kuti adzabwezeretsa liti. Akuti sadzabwezeretsa.

Ndaphunzira kulisintha ndekha. Ndimadula bowo ndi sizasi, kutsuka, kuumitsa, kumata. Mmisiri wa matailosi amene sankasiya mphako, koma apa nthawi zina limadontha. Tsiku lina linadontha ndili kuntchito ndi Pascoal m'nyumba ya eni ake. Iye anangovula jekete yake n'kundipatsa, osanena kanthu, mpaka lero. Tsiku lina m'takisi yodzaza linalira mokweza, mayi amene anali pambali panga anatseka mphuno n'kutsika asanafike kumene ankapita. Kutchalitchi ndimaima kunja pafupi ndi chitseko.

Ndakhala ndikuganiza za kumudzi. Bafa yathu ya udzu imene aliyense wodutsa amaona mutu wa wosamba. Kudyera m'mbale imodzi ndi alamu. Matumba amenewa kuno amandipatsa kuchipatala, nanga ku Mongue ndidzawapeza kuti? Ndaganizanso za inu, ndi mphasa imodzi.

Amake Nelsa, munakwatiwa ndi mwamuna wathunthu. Ine ndine mkamwini pamudzi panu, ndinabwera ndi manja awiri ndi mphamvu, ndizo zinandipatsa malo. Tsopano mphamvu zapita ndipo ndabwera ndi fungo. Ngati mukuona kuti simungathe, musadzikakamize chifukwa choopa anthu kapena abambo mfumu a kuparishi. Mungondiuza. Ndidzapita kwa Inocência ku Molumbo, ndipo sindidzakunenerani choipa kwa munthu aliyense. Nyumba ndi yanu ndi ana.

Musayankhe msanga. A Zeca abwerera kuno chaka chikalowa, ndipo akadzafika opanda kalata ndidzamva.

Ndatumiza shuga, mpunga ndi malaya a Isac. Chitenje chobiriwiracho ndi chanu.

Ine,
Eusébio


Tembisa, 11 Febuluwale 2024

Wokondedwa mwana wanga Nelsa,

Moni kwa iwe, kwa Isac ndi kwa agogo ako. Ndikhulupirira mukusamalana bwino. Ine ndiliko, ndipo amayi ako anafika bwino. Akuti ndikulembere ndine chifukwa iwo manja ali m'madzi. Akutinso ndikuuze zonse osabisa, poti iweyo ndiwe unawathandiza kuyendera pasipoti ku Quelimane, ndipo kalata yanga ya Disembala anakuwerengera. Ndinachita manyazi nditamva, koma tsopano zandipepukira.

Januwale yense a Zeca sanaoneke, ndipo ine ndinali nditayamba kale kuganiza za njira ya ku Molumbo. Tsiku limene basi inafika ndinapita kukaima patali. A Zeca anandiona n'kutambasula manja kuti kalata palibe. Ndinatembenuka kuti ndizipita. Ndiye ndinamva mawu kumbuyo: "Abambo a Nelsa, katunduyu ndisenza ndekha?"

Anali ataima pakhomo la basi, mapazi atatupa ndi ulendo, thumba la ufa lili pambali. Njira yonse mpaka kunyumba sanalankhule za ine. Ankangodandaula za mipando ya basi ndi za mbuzi ziwiri zimene anagulitsa motchipa kuti akwere. Titalowa m'chipinda, Pascoal anapereka moni n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ulendo. Amayi ako anatseka chitseko n'kunena kuti, "Tandionetsani."

Ndinakweza malaya ndikuyang'ana kudenga. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndi chimenechi chimene mumafuna kundisiyira ana ndekha? Ine ndasintha matewera a anthu awiri, ndasambitsa atate anga chaka chathunthu ali gone. Bowoli mumadula ndinu?"

Ndinati inde.

"N'chifukwa chake limadontha. Lakhota. Patseni sizasi."

Kuyambira tsiku limenelo silinadonthenso.

Anakakamira kuti akaonane ndi Kátia, uja amafufuza za matenda anga. Ndinkaopa. Atakumana anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Ndiye ndinu munatsala pang'ono kundithetsera banja?" Mtsikana wa eni anasowa poyang'ana, mpaka amayi ako anaseka n'kumukumbatira. Anayang'ananso pa makina paja. Anaona mizere ya guluu ndi pamene inafufutika, ndipo anafunsa funso limene ine sindinaliganize: ngati tizidutswa tija timachepa, bwanji osangotiwonjezera? Kátia anati anthu ambiri m'maiko ambiri akuyesa zomwezo, koma kutifikitsa pamalo oyenera m'thupi popanda kuwononga zina n'kovuta, ndipo mankhwala otero sanapezeke. Amayi ako anati, "Ndiye fulumirani, ine ndili ndi ana awiri." Iye anayankha kuti, "Ndamva, mama."

Tsopano nkhani yovuta. Anandijambula mankhwala atatha. Pachiwindi apezapo kadontho kamodzi. Ndiye kuti maselo ena anapitadi. Madokotala akuti poti n'kamodzi ndipo kali pamalo ofikirika, angathe kukadula, ndipo alipo anthu amene amakhala zaka zambiri pambuyo pake. Sanandilonjeze, inenso sindikulonjeza. Opaleshoni ndi mwezi wamawa. Amayi ako akhala mpaka masiku a pasipoti yawo atatha, kenaka tidzaona.

Iwe usasiye sukulu. Chimanga chikayamba kukhwima muzigona ndi khutu limodzi kumunda. Isac asamapite kumtsinje madzi akadzaza. Ndipo ukadzakula, za kuyezedwa zija usadzazengereze ngati ine. Thupi si chinthu chochita nacho manyazi pamaso pa dokotala.

Tsiku limene anatiuza za chiwindi tinakwera takisi tonse awiri. Inali yodzaza, kunja kukutentha, mawindo otseka. Tili pakati pa njira thumba lija linalira, mokweza kuposa kale lonse. Anthu anatembenuka. Ine ndinaweramitsa mutu. Amayi ako anawongola khosi, n'kudzigwira pamimba, n'kunena mokweza m'Chinyanja kuti, "Pepani abale, ndine. Nyemba za dzulo."

Palibe anamva, kupatula mayi wina wa ku Malawi amene anakhala kumbuyo. Anaphulika kuseka, n'kumasulira mnzake m'Chizulu, mnzakeyo n'kuuza wina, mpaka dalaivala yemwe ankagwedezeka mapewa. Mayi wina anapatsa amayi ako switi kuti akhazike m'mimba, iwo n'kulandira ndi manja awiri ngati wodwala weniweni. Ine ndinaseka mpaka bala linapweteka, misozi ili chuchuchu, ndipo sindikudziwa kuti ina inali ya chiyani. Tinapitirira potsikira pathu osazindikira, tinachita kubwerera wapansi, pang'onopang'ono, iwo atandigwira mkono.

Zimenezi usauze agogo ako.

Ine bambo ako,
Eusébio